Mafunso a Makompyuta: Wotchi ya foni ikanama, seva ichite chani?

Mwezi uno makalata anayi abwera kuchokera kwa anthu osadziwana, wina amagulitsa zovala, wina ndi mphunzitsi, awiri amalemba ma program, koma nditawerenga ndinangoona kuti matenda ake ndi amodzi omwewo nde ndawaika pamodzi. Nkhani yake ndi wotchi, ija ili mkati mwa foni ndi kompyuta, imene ambirife sitiiganizira nkomwe mpaka tsiku limene yatitsekera kunja.

FUNSO: Akulu muli bwanji. Ine ndimagulitsa zovala za kaunjika pa Facebook, nde mwana wa achemwali anga anandiikira ka app kaja ka Google Authenticator kuti akaunti asandibere. Zimayenda bwinobwino koma kuyambira Lachiwiri ndikalemba manambala 6 aja ikungokana, ndayesa kambirimbiri mpaka ndatopa, pasiwedi ndi yomweyo sindinasinthe. Makasitomala akundidikira. Ndekuti andibera kale? Ndiifufute app yo ndiikenso?
Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: Mayi, musaifufute app yo chonde. Mkati mwake muli kiyi wachinsinsi amene analowamo tsiku lija mwana wa achemwali anuyo anajambula QR code, ndipo ngati app yo simunailumikize ku akaunti yanu ya Google kuti izisunga makiyiwo, mukaifufuta kiyi apita nayo limodzi, kenako kubweza akaunti imakhala ntchito yaitali yowawa. Isiyeni momwemo kaye.

Ine ndikukayikira wotchi ya foni yanu osati akuba. Manambala 6 aja sachokera ku Facebook ayi, nchifukwa chake amabwerabe olo mulibe bandulo. Foni imawapanga yokha. Imawerenga masekondi amene adutsa kuyambira pa 1 January 1970 kufika pano, nkugawa ndi 30, kenako nambala yotulukayo imaisakaniza ndi kiyi uja mwa masamu nkutulutsa manambala 6. Seva nayo, kompyuta ya Facebook imene ili kumbali inayo, ili ndi kiyi yemweyo ndipo ikuchita masamu omwewo poyang'ana wotchi yake. Mawotchi awiriwa akamagwirizana manambala amafanana, mwalowa. Njira imeneyi amaitcha TOTP, inalembedwa mu 2011 mu chikalata chotchedwa RFC 6238. Nde tangoganizani foni yanu yatsogola ndi mphindi 2 zokha. Mphindi 2 ndi timagawo 4 ta masekondi 30, ndekuti mukupereka code imene nthawi yake sinakwane. Maseva ambiri amangolola kuphonya ndi kagawo kamodzi kutsogolo kapena kumbuyo, zoposa apo amakana, ndipo chondiwawa ine nchoti sakuuzani chifukwa, amangoti code yolakwika basi, munthu nkumaganiza kuti waberedwa.

Pitani ku Settings mufune pamene palembedwa Date and time, pa mafoni ambiri pali pansi pa System, pa Samsung pali pansi pa General management. Yatsani kuti nthawi izidziika yokha, otomatiki, ndi time zone yomwe. Ife kuno tili pa GMT+2, foni ikalemba Blantyre, Maputo, Harare kapena Central Africa Time zonsezo ndi chimodzimodzi. Apa mpamene ambiri amagwera: foni yabwera ili pa zone ya Dubai kapena ya China, munthu waona nthawi yalakwika nde wakonza ndi dzanja, pa sikirini ikuoneka bwinobwino 10 koloko ndi 10 koloko, koma mkati foni ikudziwa kuti ili ku Dubai ndipo pa masamu ake yaphonya ndi maola 2, ya ku China ndi maola 6. Maso sangakuuzeni zimenezo. Ena akuuzani kuti mu app momwemo muli ka batani ka Time correction for codes, inde kanalimo pa Android koma anakachotsa pa version 7.0, pano app imangodalira wotchi ya foni.

Takumbukiraninso ngati Lolemba kapena Lachiwiri wina anagwira foniyo. Ana amatsogoza deti kuti gemu iwapatse mwayi wina wosewera, akuluakulu amabweza deti mmbuyo kuti WhatsApp yakale isawakakamize kuapudeta poti bandulo yavuta, ena amatsogoza dala mphindi 10 kuti asamachedwe ku ntchito. Zonsezi ndi zomveka, koma code yanu siingagwire ntchito pa foni yotero. Mukakonza nthawi koma ikukanabe, apo ndiye tsegulani imelo yanu muone ngati munabwera uthenga woti wina wasintha zinthu pa akaunti. Ndipo mukangolowa, tengani ma recovery code, manambala apadera amene Facebook imapereka kuti mulowere foni ikavuta, muwalembe papepala muwasunge pamene mumasunga ziphaso.

FUNSO: Bwana, ndimalemba ma program pa kampani ina yaing'ono. Tinapanga app ya Android ya ma agent amene amagula soya ndi mtedza kwa alimi cha ku Mchinji ndi Kasungu, amalemba makilo ndi ndalama nkutumiza ku seva yathu. Request iliyonse, ndiye kuti uthenga wopita ku seva, timaisayina ndi HMAC, njira yodindira uthenga ndi kiyi wachinsinsi, mkatimo timaika timestamp, nthawi imene wotchi ya foni ikunena, ndipo seva imakana ngati nthawiyo yasiyana ndi yake kupitirira mphindi 5. Mu ofesi zimayenda bho koma kumudzi ma agent ena tsiku lonse 401 yokhayokha, nambala ija seva imabweza ikakukana, tikafufuza timapeza foni yatsalira ndi mphindi 20, ina maola 2. Abwana akuti tingokweza malire afike maola 24 kapena tichotseretu timestamp yo zithe. Mtima wanga sukugwirizana nazo koma ndilibe choyankha. Inuyo mungatani?
Mnyamata wa ma program, Lilongwe

YANKHO: Achimwene, mtima wanuwo ukunena zoona. Komanso abwana anu ali ndi mfundo pa chinthu chimodzi: agent amene wakhala pa sikelo kuyambira mmawa, mlimi akudikira ndalama yake pambali, sangamauzidwe kuti vuto ndi lake pita ukakonze foni. Anthu amenewa ali ndi mafoni otchipa, ena batire yake ndi yochotsa, amatchajitsa pa sola ya pagolosale, netiweki imabwera ndi kupita. Ngati app yanu ikufuna wotchi yolondola kuti igwire ntchito ndekuti munaipangira mu ofesi osati kumudzi. Nde mlandu ndi wa inu olemba program, koma mankhwala ake si amene abwana akunena.

Tiyambire poti timestamp yo munaiikiranji, chifukwa mukawafotokozera abwana apa amvetsa. Siginecha imatsimikiza kuti uthenga wachokera kwa mwini kiyi ndipo sunasinthidwe panjira. Chimene siitsimikiza nchoti uthengawo ndi watsopano. Munthu akapeza request yosayinidwa kale, kaya mu ma log, kaya pa foni yobedwa, kaya pa proxy inayake, atha kuitumizanso momwemo osasintha olo kachilembo kamodzi, siginecha ikhala yolondola ndithu, nde makilo 500 a soya alowa kawiri ndalama nkutuluka kawiri. Imeneyi ndiyo replay attack. Timestamp imapangitsa kuti request yobedwa iwole msanga. Mphindi 5 zanuzo simunalakwitse, Kerberos, njira yotsimikizira olowa mu Windows Active Directory, imalola mphindi 5, ma library a Stripe poona ma webhook amalola mphindi 5, Amazon S3 imalola mphindi 15 ikapitirira imabweza RequestTimeTooSkewed, Binance ndiye ndi yolimba zedi, mukapanda kusintha imangolola masekondi 5. Koma onani kuti ambiri amene amalankhula ndi ma service amenewa ndi maseva anzawo okhala ndi magetsi ndi intaneti usiku ndi usana. Inu mwatenga lamulo la maseva mwaliika pa foni ya ku Kapiri.

Pali funso limene simunalitchule: kodi muli ndi nonce? Timestamp payokha imangofupikitsa nthawi ya wakuba, mkati mwa mphindi 5 zomwezo atha kutumizabe kakhumi. Nonce ili ngati khadi lokanda la mayunitsi, nambala yake ikalowa kamodzi yatha, wina akaitola pansi nkuilowetsa ikana. Request iliyonse ikhale ndi nambala yakeyake yosabwereza, ikhale mkati mwa zosayinidwa, ndipo seva izikumbukira manambala amene yawaona kale. Apa mpamene maola 24 a abwana amavutira. Seva iyenera kukumbukira nonce kwa nthawi yonse imene request ingavomerezedwe, ndipo poti mumalola mphindi 5 kumbuyo ndi 5 kutsogolo, kusunga mphindi 10 kukwanira, ka Redis kakang'ono, ka program kosungira zinthu pa seva, katha ntchito. Mukakweza kufika maola 24 muzisunga za masiku 2, ndipo tsiku limene zosungidwazo zafufutika, mwina seva yazima ndi kuyakanso, chilichonse chimene chinasayinidwa dzulo chatsegukiranso wakuba. Komanso simunathetse vuto, foni imene deti yake yabwerera ndi sabata ikanidwabe, nde mudzakwezanso mpaka liti?

Chimene ine ndingachite nchoti seva ikhale mwini nthawi, foni izingofunsa. Mukudziwa munthu amene wotchi yake yapamkono imatsogola ndi mphindi 10 ndipo akudziwa, samapita nayo kokonzetsa, amangochotsera mmutu akayang'ana. App yanu ichite zomwezo. Isasinthe wotchi ya foni, Android siilola nkomwe app wamba kutero, koma idziwe kuti foni iyi yatsalira ndi masekondi angati nkumawonjezera posayina. Nthawi ya seva muli nayo kale, yankho la HTTP limabwera ndi header ya Date, koma ine ndimakonda kuika nthawiyo mu thupi la yankho ngati masekondi a Unix, aja owerengedwa kuyambira pa 1 January 1970, kuti pasakhale zovuta zowerenga deti. App ilembe nthawi imene yatumiza ndi imene yankho lafika, itenge pakati pa ziwirizo, ichotse pa nthawi ya seva, chotsalacho ndiye offset. Pa netiweki ya kumudzi yankho litha kuchedwa masekondi 6 kapena 8, koma kuphonya kwanu sikungapose theka la kuchedwako, ndipo pa malire a mphindi 5 zimenezo si kanthu. Musadzivutitse kufuna ma millisecond.

Kenako seva ikakana chifukwa cha nthawi, inene kuti yakana chifukwa cha nthawi. Apa ndikutsindika chifukwa 401 yokhayokha ija ndi imene yakutayitsani masiku. Bwezani error yokhala ndi dzina lakelake, mwachitsanzo clock_skew, pamodzi ndi nthawi ya seva. App ikaona imeneyo ikonze offset, isayinenso ndi timestamp yatsopano ndi nonce yatsopano, itumizenso kamodzi, agent asadziwe nkomwe kuti china chake chinachitika. Kamodzi kokha, osati kumangozungulira mpaka batire ndi bandulo zithe. Si nzeru yanga imeneyi, ma SDK a AWS amachita zomwezi, akalandira error ya nthawi amawerenga nthawi ya seva pa yankho nkukonza okha. Ena amaopa kuti kuulula nthawi ya seva nkupereka chinsinsi. Ayi, nthawi si chinsinsi, chinsinsi ndi kiyi. Wakuba amene alibe kiyi sangasinthe timestamp pa request yakale popanda kuwononga siginecha, olo adziwe nthawi mpaka sekondi.

Tsopano misampha, chifukwa ilipo ndithu. Nthawiyo muziikhulupirira pokhapokha yabwera pa HTTPS yotsimikizika kuchokera ku seva yanu, osati pa tsamba lija limabwera pa Wi-Fi yapagulu lofunsa pasiwedi. Yankho lake lisasungidwe mu cache, ikani Cache-Control: no-store, apo bii CDN, maseva apakati osunga makope a mayankho, idzakupatsani nthawi ya mmawa masana. Ndiye pali nkhani yoti agent atha kusintha wotchi app ili mkati mogwira ntchito, kapena netiweki yabwera foni yadzikonza yokha, offset yanu ija nkusanduka yabodza pompo. Nchifukwa chake ndi bwino kuimanga pa SystemClock.elapsedRealtime() osati pa System.currentTimeMillis(). Yoyambayo imangowerenga nthawi imene yadutsa chiyakire foni, siisamala zimene munthu wachita ku Settings, ndipo imawerengabe foni ikagona. Sungani kuti pamene seva inati nthawi ndi yakuti, elapsedRealtime inali pakuti, kuchokera apo mumangowonjezera. Foni ikazimitsidwa nkuyatsidwanso imayambiranso pa 0, nde pamenepo funsaninso seva, kapena ingosiyani request yoyamba ikanidwe idzikonze monga tanenera.

Msampha wina ndikuganiza ukukukhudzani kwambiri inuyo, chifukwa ma agent anu amagula kumene kulibe netiweki. Ngati app imasayina nthawi imene agent wadina Save, nkusunga request yo pamzere kudikira netiweki, ndekuti ena mwa ma 401 anuwo si wotchi nkomwe, ndi request imene yasayinidwa 9 koloko mmawa nkutumizidwa 4 koloko madzulo agent atakwera pachulu. Taonani code yanu pamenepa musanachite china chilichonse. Nthawi yogulira soya ndi nthawi yotumizira ndi zinthu ziwiri. Yoyambayo ndi data chabe, ilowe mu thupi la uthenga, ndipo seva ilembe pambali pake nthawi imene yalandira. Kusayina kuchitike pa sekondi yotumizira. Ndipo poti tsopano muzitumizanso zinthu, kugula kulikonse kukhale ndi ID yake yosasintha imene yapangidwa pa foni, kuti yankho likasowa panjira app nkutumizanso, seva izindikire kuti matumba awa ndawalemba kale. Nonce imasintha pa kutumiza kulikonse, ID ya kugula siisintha, musaziphatikize.

Nanga foni imene yabwerera zaka, ili mu 2015? Imeneyo siifika nkomwe pa 401, HTTPS yeniyeniyo imakana chifukwa kwa foniyo satifiketi ya seva yanu, chiphaso chake chokhala ndi tsiku loyambira ndi lothera, sinayambe kugwira ntchito. Apa offset singakuthandizeni poti simungafike ku seva kukafunsa nthawi. Mupeza anthu pa intaneti akukuuzani kuti zimitsani kuona satifiketi. Musayerekeze, chonde, pamenepo mwatsegula chitseko chachikulu kuposa chimene mumafuna kutseka. Chochita ndi chophweka: app ikudziwa tsiku limene inamangidwa, ikaona kuti deti ya foni ili kumbuyo kwa tsiku limenelo ikudziwiratu kuti wotchi yanama. Ionetse uthenga mu Chichewa chomveka, woti deti ya foni yanu yalakwika dinani apa mukonze, ndi batani lotsegula tsamba la Date and time pompo, Android ili ndi intent yake Settings.ACTION_DATE_SETTINGS. Agent asaone mawu ngati SSL handshake, sakumuuza kanthu ndipo amangomuchititsa mantha kuti wawononga foni ya kampani.

Ngati muli ndi mpata wokonzanso zinthu mozama, ilipo njira yoti foni isamatchule nthawi nkomwe. Seva ndi imene ipereke nonce, foni iisayine nkubweza, seva iyang'ane pa wotchi yake yokha ngati nonce yo ikadali yamoyo. Njira yotchedwa DPoP, ya mu RFC 9449 ya 2023, ili ndi zimenezi, seva imatumiza header ya DPoP-Nonce ndipo chimodzi mwa zimene zimathandiza nchoti simudaliranso wotchi ya kasitomala. OAuth 2.0 nayo onani mmene inachitira mu 2012: popereka token, chiphaso chakanthawi cholowera, imanena expires_in, masekondi angati atsala, osati ola lakuti. Masekondi 3600 ndi 3600 olo foni ikuganiza kuti tili mu 2015. Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri ndi app imene imatsegula token ya mtundu wa JWT, kuwerenga exp, nthawi yake yothera, kufanizira ndi wotchi ya foni nkumutulutsa munthu yokha token ikadali bwinobwino. Woweruza ngati token yatha ndi seva, app ingotumiza, ikakanidwa itenge ina.

Musaiwale kudziyang'ana nokha. Zonsezi zaima pa mfundo yoti wotchi ya seva ndi yolondola, nde tsimikizani kuti program yokonza wotchi ya seva, chrony kapena systemd-timesyncd, ikuyenda, lembani timedatectl muone ngati ikuti synchronized. Mukakhala ndi maseva awiri, ina yopereka token ina yolandira, kusiyana kwa masekondi 2 kokha kutha kupangitsa token yatsopano kukanidwa kuti sinayambe, nchifukwa chake RFC 7519, chikalata cha JWT, imalola kapata kakang'ono pa exp ndi nbf, nthawi yothera ndi yoyambira ya token, kosaposa mphindi zochepa, ndipo library ya Microsoft ya .NET imaika mphindi 5 mukapanda kusintha. Komanso lembani mu log kuti foni iliyonse yaphonya ndi zingati. Mukaona maola 2 enieni kapena ola 1 lenileni ndi time zone, mukaona mphindi zosamveka ndi wotchi yoikidwa ndi dzanja, mukaona foni imodzi deti yake ikungodumphadumpha masiku pa nthawi yogula ndiye mwina muli ndi nkhani ina yofunika kukambirana ndi agent ameneyo. Manambala amenewo ndi amene mupite nawo kwa abwana.

FUNSO: Zikomo chifukwa cha tsamba lino. Ndimayang'anira chipinda cha makompyuta pa sekondale ina, ndi ma desktop akale opatsidwa. Magetsi akazima nkubwera, makompyuta angapo satsegula tsamba lililonse, Chrome imalemba kuti Your clock is behind. Ndimakonza deti ndi dzanja koma mawa lake zabwereranso. Ndi virus?
Mphunzitsi, Zomba

YANKHO: Aphunzitsi, si virus, ndi kabatire. Pa motherboard pali kabatire kozungulira ngati kobiri, CR2032 ka 3 volts, kamene kamayendetsa wotchi kompyuta ikakhala yopanda magetsi. Kakatha, magetsi akangozima wotchi imabwerera ku deti ya ku fakitale, ndipo poti makompyuta anuwo ndi akale ndipo kuzima kwa magetsi kumakagwiritsa ntchito kwambiri, nzosadabwitsa kuti angapo afera limodzi. Mabatirewa amapezeka kwa okonza mawotchi ndi mmashopu a zamagetsi. Zimitsani, zulani chingwe kukhoma, tsegulani chivundikiro, kanikizani kachitsulo kakugwira batire katuluka kokha, ikani katsopano mbali ya + ikuyang'ana kumwamba. Mukayatsa ikani deti kamodzi basi.

Chifukwa chimene Chrome ikukanira ndi chomwe chija ndauza mnyamata wa ma program pamwambapa. Tsamba lililonse la HTTPS lili ndi satifiketi yokhala ndi tsiku loyambira ndi lothera, ndipo masiku ano ndi zazifupi, za Let's Encrypt kwa zaka zambiri zakhala za masiku 90. Kompyuta ikakhala kumbuyo ndi miyezi ingapo yokha, kwa iyo satifiketiyo sinabadwe, nde imakana. Ikuchita bwino kukana, ikuteteza ana anu.

Mukaika batire, pitani ku Settings, Time & language, Date & time, yatsani otomatiki mudine Sync now. Windows nthawi zina imakana kudzikonza yokha ngati kusiyana kwakula kwambiri, nde yambani mwaika pafupifupi ndi dzanja kenako Sync now. Izi nzofunika olo batire ikhale yatsopano, chifukwa wotchi ya kompyuta imayendera kamwala ka quartz konjenjemera ka 32,768 pa sekondi, ndipo kakaphonya ndi 20 pa miliyoni, zimene ndi zabwinobwino pa timiyala timeneti, ndi masekondi pafupifupi 2 pa tsiku, pafupifupi mphindi imodzi pa mwezi. Sync now ikamakana pa makompyuta onse, funsani amene anaika rauta ngati anatseka UDP port 123, ndi imene NTP, njira yotengera nthawi pa intaneti, imadutsira. Ndipo ngati ana amalowa ndi ma akaunti a pa domain ya sukulu, dziwani kuti kompyuta ikasiyana ndi seva kupitirira mphindi 5 Kerberos itha kuyamba kuvuta olo pasiwedi ili yolondola, nde yambirani kukonza batire ya seva yeniyeniyo.

FUNSO: Achimwene, ndili ku Manchester, ndimathandiza a kwathu kulemba ka system ka mpingo. Pa laputopu yanga ndikatesta siginecha inkadutsa, anzanga ku Blantyre akatesta code yomweyo ikukana kuti nthawi yasiyana, koma mawotchi athu tonse ali pa otomatiki. Chodabwitsa nchoti yanganso inayamba kukana kumapeto kwa March.
Mnzanu wa ku Manchester

YANKHO: Achimwene, mawotchi anu alibe mlandu, code yanu ikutenga nthawi ya pakhoma mmalo mwa UTC, nthawi imodzi imene dziko lonse lapansi limawerengerapo. Mwadziulula nokha ndi March yo. Nyengo yozizira Britain imakhala pa GMT, imene ikufanana ndi UTC, nde cholakwikacho chimabisala, koma Lamlungu lomaliza la March mumatsogoza ola limodzi mpaka Lamlungu lomaliza la October, nde chaonekera. A ku Blantyre ali pa UTC+2 chaka chonse, kwa iwo sizinayambe zagwirapo ntchito.

Funani pamene mukupanga timestamp. Ngati mukulemba deti ndi ola ngati mawu popanda Z kumapeto kapena +02:00, seva ikungoganizira kuti ndi UTC. Chophweka ndi kutumiza masekondi a Unix, alibe zone, ku Manchester ndi ku Blantyre nambala ndi imodzi pa sekondi yomweyo. Mu Python time.time() ikupatsani yolondola, koma samalani ndi datetime.utcnow().timestamp(), imaoneka ngati ya UTC koma Python imaitenga ngati nthawi ya komwe muli nkuisunthanso, gwiritsani datetime.now(timezone.utc). Mu JavaScript Date.now() imabweza ma millisecond pamene JWT imafuna masekondi, nde gawani ndi 1000, mukaona nambala ya manambala 13 pamene mumayembekezera 10 dziwani kuti ndi pamenepo. Mukakonza, sinthani zone ya laputopu yanu muiike pa Blantyre mutestenso, kenako pa Nairobi, musanawatumizire anzanuwo.